Kabotolo Kanga Sikalowa M'chitini cha Amalume

Maso anga anayamba kuyabwa ndisanalowe n'komwe sukulu. Sindikunena kuyabwa kwa kachitsotso, koti ukaphethira kamatuluka. Ndikunena kuyabwa koti umalakalaka kuzula diso, ulikhule pamwala, ulibwezere. Mvula ikangosiya, fumbi n'kuyamba, ndinkadzuka zikope zitamatana ndi manthongo onanda ngati therere. Dzuwa likandiwomba, misozi inkangoyenderera. Choyera cha m'maso mwanga chinasiya kuyera kalekale. Chinayamba chafiira, kenako chinada ngati tiyi wopanda mkaka.

Kwathu, kufupi ndi Mkaika, mnyamata wa maso otere matenda ake amadziwika osamupima. Amasuta chamba. Ndili ku sekondale aphunzitsi ena ankandinunkhiza zala pamaso pa kalasi yonse. Ndinkakhala kumbuyo nditazolika chifukwa kuwala kolowera pawindo kunkandibaya, iwo n'kumati ndikusinza ndi utsi wa dzulo. Anzanga anandipatsa dzina limene sindililemba pano. Giredi 9 sindinaimalize. Sanandithamangitse ayi, ndinachoka ndekha m'nyengo yotentha, mayeso ali pafupi, tsiku limene ndinayang'ana pepala n'kuona zilembo zikusambira m'misozi. Ndinapinda pepalalo, kulisiya padesiki, n'kutuluka. Amene akufuna kunena kuti ndinali waulesi anene. Ndamva zoipa kuposa pamenepo.

Atate anapita ku Lusaka ndili wamng'ono ndipo sanabwerenso, choncho ine ndi amama tinkakhala pakhomo pa amalume, alongo awo aakulu a amama. Amalume ndi mlimi wa thonje komanso mkulu wa mpingo. Si munthu woipa, ndipo n'chimene chimavuta pofotokoza nkhaniyi. Ndi munthu wopatsa. Kungoti kupatsa kwawo kunali ndi chitini.

Chinali chitini cha bisiketi, chozungulira, penti itasupuka, ndipo chinkakhala pamwamba pa kabati m'chipinda chawo. Lamulo la pakhomo linali lakuti aliyense wochokera kuchipatala, akangopezako bwino, mankhwala otsala aziponya m'menemo. Munali mapiritsi a malungo, a mutu, a m'mimba, makapisozi opanda pepala, machubu ofinyika mpaka kukhosi. Wina akadwala, amalume ankatsitsa chitinicho, kuvundula ndi chala, n'kusankha. A makomo oyandikana nawonso ankabwera kudzaodira, n'kubwerera akuthokoza. Palibe amene ankaona cholakwika. Chipatala chili kutali, mzere wake ndi wautali, ndiye kutaya mankhwala abwinobwino kunali ngati kutaya chimanga.

Kabotolo kanga koyamba kanachokera m'chitini chomwecho. Kanali kotsala kwa mlamu wawo wina amene anamuchita opaleshoni ya diso. Amalume anandigoneka pamphasa, kundikanula chikope ndi chala, amama n'kudontheza. M'mawa mwake ndinadzuka maso ali mbee, kuyabwa kulibe. Amama anaimba nyimbo ya kutchalitchi akusesa pabwalo. Katatha, ndinatenga kabotolo kopanda kanthu kupita nako kumsika wa ku Katete, ndipo bambo wina wogulitsa mankhwala patebulo, pakati pa sopo ndi mabatire, anandipatsa kofanana nako osandifunsa kalikonse. Ndinabwererako kambirimbiri. Ndikasiya kudontheza, kuyabwa kunkabwera kolusa kuposa kale, ndiye sindinkasiya. Zaka zinapita choncho.

Diso lakumanzere linafa mwakachetechete. Silinapweteke, silinatupe. Ndinangoyamba kugunda phewa pamphuthu ya chitseko. Munthu akabwera chakumanzere ndinkadzidzimuka atafika kale pambali panga. Tsiku lina ngolo ya ng'ombe inandikhula pamsewu wopita kudepoti ya thonje, woyendetsa n'kunditukwana kuti ndaledzera, chonsecho ine ngoloyo sindinaione. Nditakhala pansi ndinatseka diso lakumanja ndi dzanja. Dziko lonse linatsala kabowo, ngati ukusuzumira m'bango.

Kuchipatala ndinapita ndekha. Adokotala a maso anali mayi wamfupi, magalasi atawakoleka pachingwe m'khosi. Anandiika chibwano pamakina, kundiunika, kupima kulimba kwa maso onse awiri, kenako anafunsa chimene ndimaika m'maso. Ndinatulutsa kabotolo ka kumsika. Anakatembenuza, kukawerenga, n'kufunsa kuti ndakagwiritsa ntchito nthawi yaitali bwanji. Ndinayankha kuti papita zaka.

Sanandikalipire. Anandiuza kuti mankhwala amenewo ndi abwino akaperekedwa kwa nthawi yochepa, munthu akupimidwa, koma ukapitiriza nawo wekha amatha kupopa diso m'kati ngati chubu cha njinga, mpaka mtsempha wa kumbuyo, umene umatumiza zimene waona, n'kumafota pang'onopang'ono. Anati chimene chafota sichibwerera. Lakumanzere latsala pang'ono chabe. Lakumanja layambika, koma likhoza kupulumuka. Kenako anapinda chikope changa n'kunena kuti kunsi kwake kuli timabuluma tondandana ngati miyala ya mumsewu, ndipo ndi timeneto tinkandikhula diso zaka zonsezi.

Ndinafunsa funso limodzi lokha. Ndinati, ndiye si chamba?

Anaseka mpaka magalasi anagwedezeka pachifuwa. "Chamba chikanakhala chikuchita zimenezi, anyamata onse a pasiteshoni bwenzi ali pamzere wangawu. Iwe mnyamata, thupi lako silikugwirizana ndi fumbi ndi mungu, basi."

Ine sindinaseke. Ndinkaganiza za zala zanga zimene ankazinunkhiza.

Mankhwala akale anandisiyitsa pang'onopang'ono, osati kamodzi. Anandipatsa ena otsitsa kulimba kwa diso, n'kunena kuti a kuyabwa ayenera kuitanitsidwa ku Lusaka chifukwa sapezeka wamba. Atafika, anandikhazika pansi n'kundifotokozera kabotolo kali m'manja. Anati asilikali a m'thupi amene amalondera diso langa ndi opsa mtima, akaona fumbi amamenya nkhondo ngati kwabwera mdani weniweni, ndipo pomenya amawononga mudzi wawo womwe. Madontho awa amawakhazika mtima pansi. Sapopa diso ngati aja. Koma amachedwa, pangapite masabata ngakhale miyezi ndisanaone kusintha, ndipo podontheza amalasa.

Ndiye anabwera pamfundo imene anaibwereza mpaka ndinatopa nayo. Popeza mankhwalawa amagoneka alonda, diso limene lalowa tizilombo, lotuluka mafinya kapena lokhala ndi chilonda, siliyenera kuwalandira, chifukwa ukatero watsegulira mbava chitseko. Ngakhale langa lomwe likayamba mafinya, kupweteka kwachilendo kapena kadontho koyera, ndisiye kudontheza ndithamangire kwa iwo. Ndizisamba m'manja. Kamlomo ka botolo kasakhudze diso, chala kapena nsidze. Pakati pa mabotolo awiriwo ndizidikira kanthawi. Ndisakasiye padzuwa.

"Ndipo n'kako wekha," anatero. "Mswachi umabwereketsa?"

Ndinati kwathu timabwereketsa chilichonse.

"Diso lotsalalo sungabwereke kwa munthu. Uzikumbukira zimenezo akamakupempha."

Nditafika kunyumba ndinapeza amalume ali pakhonde akuluka dengu. Anandifunsa za ulendo, ine n'kufotokoza zonse, ngakhale za kabotolo koyamba kaja. Anangoti madokotala amakonda kuopseza anthu. Kenako analowa m'nyumba, kutsitsa chitini, kuchitsegula, n'kuchiika pamwendo. Anati mankhwala a mtengo wapatali asamakhale m'thumba la mnyamata woyendayenda, ndiwaike malo ake, ndizidzatenga ndikawafuna.

Ndinati ayi.

Amama, amene ankatongola chimanga chapafupi, anasiya. Amalume anaganiza kuti sanamve bwino, ndiye ndinabwereza, mwaulemu, ndi "amalume" kumapeto. Anatseka chitini pang'onopang'ono n'kunena kuti sukulu yoithawa ija yandipatsabe nzeru zambiri. Nkhani inathera pomwepo tsiku limenelo, koma pakhomo ponse panadziwika kuti mwana wa mlongo wawo wabisa mankhwala.

Sindinabise kwenikweni. M'nyumba ya amama, pambali pa mtsuko wa madzi akumwa, pamakhala mchenga wonyowa ndi madzi odontha. Ndinakwirira kapu yachitsulo mumchengamo mpaka m'milomo, mabotolo m'kati, kambale pamwamba. Ndiwo anali malo ozizira m'mudzi monse. Aliyense wobwera kudzamwa madzi ankaiona kapuyo.

Masabata oyamba ndinatsala pang'ono kusiya. Dontho likagwa, diso linkayaka ngati wathiramo tsabola. Ndinkakhala pachitsa kuseri kwa nyumba, mutu chagada, misozi ikulowa m'makutu, ndipo kuyabwa kunali kudakalipo. Amalume akamadutsa popita kukhola ankaima n'kundiyang'ana. Ankati sanaonepo mankhwala oliza munthu ngati pamaliro, aja a kumsika ankagwira usiku umodzi, awa a ku Lusaka akuyenda wapansi. Ana ankaseka. Chowawa n'chakuti mumtima ndinkagwirizana nawo. Kabotolo kakale kanali kadakali m'thumba la jekete, katatsala pang'ono, ndipo ndinkadziwa kuti dontho limodzi lokha lindigoneka tulo tabwino. Tsiku lina masana ndinakatenga n'kukaponya m'chimbudzi, osati chifukwa cha kulimba mtima, koma chifukwa ndinaona kuti chikapanda kukhala chimbudzi, likhala diso.

Sindikudziwa tsiku limene zinasintha. Ndinangozindikira m'mawa wina kuti ndatsegula maso osayamba ndawanyowetsa ndi madzi. Kenako ndinazindikira kuti ndayenda kuchokera kudimba dzuwa lili pamutu osatchinga ndi dzanja. Kulasa kuja kunachepa, ngakhale sikunathe. Popita kukapimidwa adokotala ankapinda chikope n'kunena kuti miyala ija ikusalala. Mwezi wina mankhwala anachedwa kufika kuchokera ku Lusaka, ndipo pamasiku amene ndinakhala wopanda, kuyabwa kunabwerera n'kundikumbutsa kumene ndachokera. Ndinagona nditakulunga manja m'chitenje kuopa kudzikanda. Kuyambira pamenepo ndinadziwa kuti dontho lililonse m'kabotolomo lili ndi ntchito.

Nkhani inafika pokolola thonje. Amene anatolapo thonje amadziwa kuti likaphulika, makoko ake amauma n'kusongoka ngati zikhadabo. Amalume anawerama kuti atole la m'munsi, nthambi inafyanthuka n'kuwalasa m'diso lakumanja. Anatikita, kutsuka ndi madzi a m'chigubu, n'kupitiriza ntchito, chifukwa ogula anali pafupi kutsegula msika. Patapita masiku diso linatupa. Linayamba kutulutsa mafinya achikasu, ndipo pakati pa chakuda panaoneka kadontho koyera ngati njere ya mpunga. Anavundula chitini chawo, osapeza cha m'maso. Ine ndinawauza kuti kadontho koyerako n'koopsa, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Anati thonje silidikira mzere wa kuchipatala.

Madzulo a tsiku lina, tikuweruka kumunda, anandiitana pakhonde. Anali atamanga kansalu padiso. Sanalamule, anapempha, ndipo kwa munthu ngati iwo kupempha mwana kunali kudzitsitsa kwambiri. Anati aona mmene mankhwala anga andithandizira, akufuna madontho ochepa chabe kuti amalize kukolola.

Ndinafotokoza zonse zimene ndinauzidwa. Ndinati diso lawo lili ndi chilonda, awa si a chilonda, akhoza kulionjezera. Ndinati kamlomo kakakhudza mafinya awo, tizilomboto tibwera m'diso langa lokhalo. Ndinati ndipalasa njinga ine, m'mawa kusanatenthe tikhala tili kuchipatala. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati diso ndi diso, la mwana ndi la mkulu n'chimodzimodzi, ndipo ngati ndikuopa kuti atha, ndinene poyera kuti ndikuumira.

Ndinati atchule mmene akufunira, koma sindipereka.

Mawa lake ndinabwerera kumunda kusanafike masana chifukwa inali nthawi yodontheza. Nditalowa m'nyumba ndinapeza kambale kali pansi, m'kapu kabotolo ka ku Lusaka mulibe. Ndinatuluka ndikuthamanga. Amama anali pakati pa bwalo, akulowera kukhonde kwa amalume, dzanja atalifumbata pachifuwa. Amalume anali atakhala kale pampando, mutu atapendeketsa, kansalu atamasula. Akazi awo ndi anthu ena a makomo apafupi amene anabwera kudzawazonda anali pamphasa.

Ndinaima kutsogolo kwa amama.

"Mwanawe, patuka," anatero chapansipansi. "Ndi kadontho kamodzi. Akutisunga ndi iwowa."

"Amama, kakangokhudza diso lawo, ine sindingakagwiritsenso ntchito. Ena sindikudziwa abwera liti."

"Ndigwira bwino, sikakhudza."

"Ngakhale kasakhudze. Mukuwaika mankhwala olakwika. Lija munandidonthezera pamphasa, munalinso kugwira bwino."

Sindinafune kuti mawu amenewo atuluke choncho, koma anatuluka, ndipo aliyense anawamva. Nkhope ya amama inagwa. Amalume anafuula kuchokera pakhonde kuti mlongo, bwera nawo kuno, usatsutsane ndi mwana. Amama anayang'ana kukhonde, anandiyang'ana ine, n'kuponda phazi limodzi kuti andilambalale.

Ndinawagwira dzanja. Ndinatambasula zala zawo chimodzichimodzi, iwo akulimbitsa, mpaka kabotolo kanagwera m'dzanja langa. Sindinawakankhe, sindinawapweteke, koma kwathu mwana wamwamuna wamkulu salanda chinthu m'manja mwa mayi wake anthu akuona. Mayi wina wa pamphasa anagwira pakamwa. Akazi awo a amalume anati chamba chija chafika m'mutu tsopano.

Ndinayang'ana chotsekera. Chinali chisanatsegulidwe. Ndinapita pamgolo, kusamba m'manja ndi sopo, kukhala pachitsa changa, kupendeka mutu, n'kudontheza, onse akuonerera. Nthawi inali itakwana, ndipo sindinaone chifukwa chobisalira.

Amalume sanakweze mawu. Anati iwo anandilera, anandigulira yunifolomu imene ndinakaitaya, ndipo chitini chawo chadyetsa mudzi wonse osafunsa kuti uyu ndi wa ndani. Anati munthu amene mankhwala ake ndi ake yekha, nkhokwe yake ikhalenso yake yekha. Pakhomo pawo sangasunge munthu woona mbale wake akuvutika n'kumafumbata.

Ndinati ndamva. Ndinatinso njinga idakalipo ngati akufuna kupita kuchipatala.

Ndinanyamuka tsiku lomwelo ndi chikwama cha zovala, mabotolo nditawakulunga m'nsalu yonyowa. Amama sanatuluke kudzanditsanzika. Ku Katete ndinagona kaye kwa mnzanga wa kusukulu, mmodzi mwa ochepa amene sankanditchula dzina lija. Mkulu wake ali ndi kashopu kometera kuseri kwa msika, ndipo anandilola kusesa ndi kupukuta makina. Atandiona maso anafunsa ngati ndimasuta, ine n'kumuonetsa kabotolo. Anati, "Manje ngati ni vamene ivo, faka mu kafiriji ka madrinki ka apa pafupi." Ndinamuuza kuti awa safuna kuzizira kwa firiji, angofuna pamthunzi posatentha, ndiye anandipatsa kabati ya pansi, kukhoma kosawomba dzuwa. Patapita miyezi anayamba kundipatsa mitu ya ana kuti ndiphunzirirepo. Ndi diso limodzi mtunda umakunamiza, ndiye ndinaphunzira kugwira mutu ndi dzanja lamanzere kuti ndidziwe pamene makina ali. Tsitsi likamauluka ndimavala magalasi otchinga. Makasitomala amaseka, amati ndikumeta ngati wowotcherera zitsulo. Aseke.

Za kumudzi ndinkamva kwa obwera kumsika. Amalume anapirira mpaka ululu unawakaniza tulo, thonje likadali m'munda, ndiye anawatengera kuchipatala. Anawagoneka masiku angapo, akuwadontheza mankhwala ophera tizilombo pafupipafupi. Diso silinafe, koma patsala chipsera choyera ndipo amaona ngati kuli nkhungu. Wina angaganize kuti pamenepo anthu anati mnyamata uja ankanena zoona. Ayi. Kumudzi nkhani imene ilipo mpaka lero ndi yakuti amalume ali ndi ng'ala chifukwa mwana wa mlongo wawo anawamana mankhwala pamene chilonda chinali chaching'ono. Chitini chidakali pakabati. Ndikumva kuti otsala a amalume nawonso analowa momwemo.

Chakumapeto kwa chaka akulu a mpingo awiri anandipeza kushopu. Anati nkhaniyi ikuipitsa banja, ndipite ndikagwade, ndipepese, amalume ndi okonzeka kundikhululukira. Ndinawapatsa mpando, ndinawagulira zakumwa, n'kuwafunsa kuti ndikapepese chiyani kwenikweni. Anati kusamvera ndi kuchititsa manyazi amayi ako. Ndinafunsa ngati alipo amene adzapepese za diso langa lakumanzere. Anati zimenezo zinali ngozi, palibe anafuna. Ndinati nanenso sindikufuna munthu apepese, koma sindigwadira chinthu chimene mawa ndikhoza kuchichitanso. Wamkulu mwa awiriwo anati mtima wouma sufikitsa munthu kutali. Ndinamufunsa ngati akufuna kumetedwa, popeza wakhala kale pampando.

Amama anabwera okha mvula itasiya, pa tsiku la msika. Ndinawaona pagalasi ali pakhomo la shopu, kathumba ka nshawa pamutu. Anali ataonda. Ndinamaliza mutu umene ndinali nawo, n'kuwatengera kubenchi la kuseri, pamthunzi. Tinakamba za mvula, za mbuzi imene inafa, za denga lodontha. Kenako anafika pa chimene anadzera. Anati amalume akukalamba, iwo ali pakati, mbali iyi mlongo, mbali iyi mwana, ndipo kutchalitchi amayi anzawo amawayang'ana. Anati ngakhale mawu awiri okha, osagwada n'komwe.

Ndinati za dzanja lawo, ngati ndinalipweteka, ndikupepesa kwa iwo pompano. Za kabotolo, ayi.

Nthawi yanga inali itakwana, ndiye ndinalowa, kusamba m'manja, kubwera ndi kabotolo, n'kudontheza pabenchi pomwepo. Ndinatsinzina, chala nditadina pakona pa diso pafupi ndi mphuno monga anandiphunzitsira. Nditatsegula ndinapeza amama akundiyang'anitsitsa. Anandigwira chibwano, kunditembenuzira kowala, ngati mmene ankachitira ndili mwana.

"Limeneli layera," anatero. "Nanga linzakeli?"

"Limenelo linapita, amama."

"Osabwerako ngakhale pang'ono?"

"Anandiuza kuti silibwera."

Anasiya chibwano changa n'kuyamba kutikita chala chawo chachikulu. Ndinaona kuti chinali chotupa kunsonga. Anati ndi kamunga kanawalowa akuthyola nkhuni, kakhala masiku, ayesa ndi singano koma sakukaona, ndipo kumudzi aliyense amene amupempha akungokumba pambali. Amalume anayesa, koma ndi diso lawolo anangowabaya pena.

Ndinatenga singano yatsopano, kuipukuta ndi sipiriti wa makina, n'kugwira dzanja lomwe lija ndinalitambasula pabwalo. Zala zake zinali zolimba, zong'ambika ndi thonje. Ndinapendeketsa mutu kuti diso lakumanja likhale pamwamba pa chalacho. Kamungako ndinakaona nthawi yomweyo, kakuda, kakang'ono kuposa nsabwe, katagona chopingasa pansi pa khungu. Ndinatsegula pang'ono, kukakweza ndi nsonga, n'kukatulutsa kathunthu. Ndinakaika pachikhatho chawo kuti akaone. Anakayandikitsa kumaso, anakatalikitsa, n'kunena kuti akungokhulupirira.

Ponyamuka anasiya nshawa zija pabenchi. Anafunsa kuti akanene chiyani kwa amalume. Ndinati akawauze kuti ndili bwino, ndikuona, ndipo akafuna kumetedwa abwere, sindiwalipiritsa. Anafunsanso ngati pali mawu ena. Ndinati palibe. Ndinawaperekeza mpaka pokwerera minibasi, ndikuyenda iwo ali kumanja kwanga kuti ndiziwaona, kenako ndinabwerera kushopu, kubweza kabotolo m'kabati ya pansi, n'kuitana amene anali pamzere.